Geti Limene Silinandigwere

1

Mwezi watha ndinanena bodza. Linali la mawu awiri okha, ndipo ndinalinena mtima uli m'malo, ngati munthu amene akuuza mnzake nthawi. Mpaka lero sindinalape. Bodzalo ndikuuzani, koma muyambe mwaona dzanja langa.

Dzanja langa lamanzere lili ndi zala ziwiri, chachikulu ndi cholozera. Zitatu zinazo zinadyedwa ndi makina ositira nsalu ku kampani yochapa zovala, kumene ndinagwira ntchito kuyambira ndili mtsikana. Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ine anandisiyira ziwiri, ndiye nsabwe yanga ndinaiswa bwinobwino.

Nsabweyo anali amuna anga.

Iwo anali kapitawo wathu pakampanipo. Aliyense ankawatchula kuti Achangu, chifukwa kuyambira m'mawa mpaka poweruka nyimbo yawo inali imodzi: "Changu, changu, mahotela sadikira." Khalidwe lawo lina linali losataya kanthu. Msomali wopindika ankauwongola. Kasopo kotsala ankakamata pa sopo watsopano. Nyuzi kapena magazini sanagulepo, ankatola zimene ena ataya n'kumawerenga nkhani za chaka chatha ngati zachitika dzulo. Nsalu ikang'ambika kuntchito, ankaing'amba timizeremizere n'kusunga m'thumba, ati tomangira zinthu. Ine ndinkauza anzanga monyada kuti ndinakwatiwa ndi mwamuna wosamala.

2

Makina ositirawo tinkawatchula Ng'ona. Ndi chigubu chachitsulo chachitali, chotentha kwambiri, chimene chimazungulira n'kumameza nsalu za pabedi zonyowa, n'kukazilavulira kumbuyo zitauma ndi kuwongoka. Pa Ng'ona pamaima anthu awiri, wina ngodya iyi wina ngodya iyo, kukoka nsalu kuti ilowe yosakwinyika. Mnzanga wa ngodya inayo anali mayi wachikulire amene tonse tinkawaitana kuti Achemwali.

Kukamwa kwa Ng'ona kuli mpiringidzo wopyapyala. Dzanja likaugunda, makina amaima okha. Vuto linali lakuti wathuwo unkaimitsa makina pa kanthu kakang'ono kalikonse. Nsalu ikangopindika pang'ono, aima. Ukayetsemula, aima. Nsalu zinkaunjikana, mahotela ankaimba foni, Achangu ankatukwana. Kenako tsiku lina Ng'ona inasiya kuimaima.

"Ndakonza," anatero Achangu.

Ndinawayamikira pamaso pa anthu onse. Ntchito inayamba kuyenda ngati madzi.

Pakhoma panali lamulo lakuti wogwira pa Ng'ona asavale mphete kapena zibangili. Mphete yanga yaukwati, yopyapyala, yopota ngati chingwe, ndinkaisiya m'kasosa kunyumba. Ndinachita zimenezi zaka zonse, mpaka pamene analemba ntchito mtsikana watsopano wolandira zovala za makasitomala kutsogolo. Tinkangomuti Wapakauntala. Anali wa milomo yofiira, ndipo ankaseka chilichonse chimene Achangu anena. Tsono amuna anga alibe nthabwala. Mkazi akamaseka zonena zawo, ndiye kuti pali china chimene akusekera.

M'mawa wa tsiku la ngozi ndinavala mphete. Ndinadzera dala kutsogolo, n'kusanjika dzanja pakauntala, n'kupempha cholembera chimene sindinkachifuna. Mtsikanayo anaiona. Ndinalowa m'kati mtima uli mbee.

"Vula chimenecho, mwana iwe," anatero Achemwali titaima pa Ng'ona.

"Ndivula pa tiyi."

Nthawi ya tiyi sinandipeze. Panabwera nsalu yosomoka m'mphepete, ulusi unakola mphete, nsalu inakoka dzanja. Ndinaona zala zanga zikugunda mpiringidzo. Ndinadikira kuti makina aime. Sanaime.

3

Za kukuwa kwanga ndi fungo la mnofu wopsa ndisakuuzeni. Ndinatsitsimuka bwino ndili m'galimoto yoperekera nsalu, dzanja litakulungidwa m'thaulo la hotela, Achangu akuyendetsa.

"Tamvera," anatero, maso ali pamsewu. "Kuchipatala akakufunsa, usatchule zakuntchito."

"Chifukwa chiyani?"

"Unavala mphete. Lamulo lili pakhoma, unaliphwanya wekha. Wolakwa salandira chipukuta misozi, zimenezo iwala. Abwana akamva, achotsa iwe, achotsanso ine amene ndinakulekerera. Mwinanso atilipiritsa makina. Ana tiwadyetsa chiyani?"

"Ndiye ndinene kuti chiyani?"

"Unene kuti geti la kunyumba lakugwera."

Nyumba imene tinkachita lendi inalibe ndi mpanda womwe. Koma munthu amene akumva ululu ngati umenewo amavomera chilichonse, bola galimoto ifike.

Namwino amene anatilandira anali mayi wonenepa, wosathamanga. Anamasula thaulo, n'kuyang'ana dzanja nthawi yaitali.

"Mwati geti?"

"Eee."

"Geti lanulo limatentha? Chifukwa apa paphwanyika, koma apa papsa."

Achangu anayamba kufotokoza za mbaula imene inali pafupi ndi geti. Namwino anawadula, n'kuwatuma kukagula madzi akumwa. Atatuluka, anandiweramira.

"Mayi, tatsala awiri. Ndi bambowa akuchitani zimenezi?"

"Ayi," ndinatero. "Amuna anga sanandipwetekepo."

Ndinalumbira ndithu, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikunena zoona. Namwino anapukusa mutu n'kulemba za geti.

Nditadzuka kuchokera ku opaleshoni, zala zitatu palibe, chinthu choyamba chimene ndinafunsa chinali mphete.

"Yatayika," anatero Achangu. "Ukufuniranji chinthu chimene chakudyera zala?"

Ndikanaganiza bwino, ndikanadabwa pomwepo. Kwa munthu ameneyu kunalibe chinthu chotayika.

4

Kwa abwana, amene ankabwera pakampani mwa apo ndi apo, Achangu anakanena kuti ndavulala kunyumba ndipo ndasiya ntchito. Kwa antchito anzanga ananena kuti wotsegula pakamwa atsegulenso chitseko azipita. Ine ndinakhala pakhomo, kuphunzira kumanga chitenje ndi zala ziwiri.

Odzazonda matenda sanasowe, ndipo aliyense anabwera ndi malamulo ake. Amene ndinawanong'oneza zoona zake anandilangiza mofanana.

"Ukangosumira abwana, dzina lako limayenda," anatero achimwene anga. "Palibe adzakulembenso ntchito."

"Chipukuta misozi amapatsa anamfedwa," anatero apongozi anga aakazi. "Inu muli moyo. Muzithokoza Mulungu."

Mayi woyandikana naye nyumba anati nkhani zotere zimafuna loya, ndipo loya amadya mnofu n'kukusiyira fupa. Onsewa ankayankhula ngati anthu amene anagonapo ku leba, ofesi ya boma yoona za antchito, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kumene chitseko chake chinaloza.

Poyamba Achangu ankandimangira mabatani. Kenako anayamba kumanga akuusa moyo. Kenako anayamba kuchedwa kuntchito, n'kumabwera malaya akununkhira mafuta amene si a pa sopo wa kampani. Tsiku lina tikudya, ana ali pomwepo, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Dzanjalo uziliika pansi pa tebulo. Likundithetsa njala."

Ndinaliika pansi pa tebulo. Sindinawakwiyire iwo, ndinadzikwiyira ndekha. Ndinkati nsanje yanga ndi imene yandidyera zala, ndipo mwamuna amene akusungabe chitsiru chotere ndi wofunika kumugwadira. Ndinkawathokoza ndithu munthu ameneyu.

5

Amene ananditsegula maso anali munthu wosamudziwa. Ndinkapita kuchipatala kukachita mafizo a dzanja, kufinya kampira kofewa mpaka misozi. Pabenchi ndinkakhala ndi bambo wina wonyamula matumba kumalo osungira katundu, amene anaguluka phewa.

"Munatani?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Uchitsiru wanga, mayi. Ndinadumpha pa lole isanaime, kufuna kuonetsa anyamata kuti ndikadali wamphamvu."

"Pepani. Ndiye simunalandire kanthu."

"Ndinalandira."

"Mutalakwa nokha?"

"Nditalakwa ndekha. Chonsecho ndine waganyu, ndilibe ndi yunifolomu yomwe. Ku leba anandithandiza." Anayang'ana dzanja langa. "Nanga inu?"

"Geti," ndinatero, ndipo kwa nthawi yoyamba mawuwo anandiwawa pakamwa.

Safunsa anadya phula. Mawa lake, Achangu atapita kuntchito, ndinakwera basi n'kukafunsa njira ya ku leba. Ndinapeza mayi wa magalasi, tebulo lake lodzaza mafayelo, tiyi atazizira pambali. Ndinawauza zonse, ndi za mphete zomwe, mutu uli pansi ngati wakuba.

"Dzutsani mutu," anatero. "Kuno si kupolisi. Sitiyamba ndi kufunsa kuti walakwa ndani. Timayamba ndi kufunsa kuti munavulala mukugwira ntchito kapena ayi. Mphete ingabweretse mafunso, koma payokha sikutsekerani khomo."

"Ndilibe loya."

"Ndakufunsani loya? Anthu mumadziweruza nokha musanafike kuno. Wina akuti ndinalakwa ndekha, wina akuti ndine waganyu, wina akuti abwana andichotsa. Bwerani kaye tiione nkhaniyo."

Mtima unayamba kugunda ngati wa mtsikana. Koma mayiyo anavula magalasi.

"Vuto lanu si mphete. Vuto lanu ndi geti. Kuchipatala kunalembedwa kuti munavulala kunyumba, ndipo kampani sinanene za ngozi iliyonse. Pakufunika munthu amene anaona. Komanso nthawi yodandaulira ili ndi malire, ndipo yanu yapita kwambiri."

Ndinapita kwa Achemwali kunyumba kwawo. Anandigwira dzanja lopundukalo n'kulira.

"Mwana wanga, ndinaona, ndipo ndine ndinathimitsa makina pakhoma. Koma ndikulera zidzukulu. Amuna akowo anati woyankhula atuluka. Undikhululukire."

Sindinawakakamize. Mantha awo anali omwewo amene ine ndinakwera nawo galimoto ija.

6

Ndinaganiza zokayesa antchito ena. Kuti ndipeze chifukwa chofikira pakampani, m'mawa wina ndinabisa kontena ya chakudya cha Achangu mpaka anachoka akung'ung'udza, ndipo masana ndinainyamula ngati mkazi wabwino.

Pakauntala panali mtsikana uja. Atandiona anamwetulira mwamanyazi, n'kutambasula dzanja kuti alandire kontena. Pachala chake panali mphete yopyapyala, yopota ngati chingwe.

Mphete zofanana zilipo zambiri. Koma ndinagwira dzanja lakelo ndi zala zanga ziwiri n'kulitembenuza. Mbali ya kuchikhatho, kupota kuja kunali kutaphwatalala, ndipo panali chizindikiro cha pamene mmisiri analumikiza. Achangu anaitola pansi pa Ng'ona itaphwanyika, n'kukaiwongoletsa ngati msomali wopindika.

Sindinakuwe. Ukali wanga tsiku limenelo unali wozizira.

"Yakukwanani bwino," ndinatero. "Ine inkandithina pang'ono. Koma munaitsuka? Chifukwa pomwe ndinkasiyana nayo munali mnofu wanga."

Mtsikanayo anayang'ana mpheteyo. "Anati anagula."

"Munawaonapo akugula chinthu?"

Ndinasiya kontena n'kutuluka. Ndisanafike pamsewu ndinamva mapazi. Mtsikana uja anandikokera kuseri kwa nyumba, kumene mapaipi amatulutsira nthunzi, n'kusanza kaye asanayankhule.

"Mayi, pali zimene simukudziwa," anatero akupukuta pakamwa. "Tsiku lija ndinamva kukuwa kwanu ndili kutsogolo, ndinathamanga. Achemwali anali atathimitsa kale makina, dzanja lanu likadali m'kati. Amuna anu anafika ine ndisanafike. Koma sanayambire kwa inu."

"Anayambira kuti?"

"Anagwada kumbali kwa makina, kuseri kwa chivundikiro. Anamasula kansalu, n'kukaika m'thumba. Atatero ndi pamene anabwera kudzatulutsa dzanja lanu."

"Kansalu kanji?"

"Kamene anamangira mpiringidzo kuti usamaimitse makina. Ndinawafunsa, anati ndi zamakina, sindingazimve. Mawa lake anakamanganso. Kalipo mpaka pano."

Ndinatsamira khoma. Ndakonza. Kukonza kwake kunali kumeneko, ndipo ine ndinawaombera m'manja. Mphete inakola ulusi, inde, koma mpiringidzo ukanakhala womasuka ndikanatuluka ndi kachilonda kopaka mankhwala. Bodza la geti silinali loteteza ana. Linali loteteza kapitawo. Ndipo pamene dzanja la mkazi wawo linali kupsa, iwo anapeza nthawi yomasula mfundo bwinobwino, osadula, kuti kansaluko kadzagwirenso ntchito.

"Mukanena zimenezi ku leba?" ndinafunsa.

"Ndikana bwanji, nditavala mnofu wanu?" Anayamba kuvula mphete.

"Ayi, isiyeni pomwepo. Muziivala tsiku lililonse, muziwasekera monga mwa masiku onse. Asadziwe kanthu."

Anandiyang'ana mondipempha. Ndinadziwa kuti mpheteyo izimuwotcha pachala nthawi yonseyo. Ndi zimene ndinkafuna. Anali mboni yanga, sanali mnzanga.

7

Masiku otsatira ndinali mkazi wabwino kuposa kale lonse. Dzanja ndinkaliika pansi pa tebulo asanandiuze. M'mawa wa tsiku limene a ku leba anandiuza kuti abwera, ndinawasitira Achangu malaya oyera ndi dzanja limodzi, kolala mpaka kuima.

"Lero wadzuka bwino," anatero.

"Ndikufuna muoneke bwino pamaso pa anthu."

Tinafika nthawi imene ntchito imakhala itagundika, ine, mayi wa magalasi uja, ndi bambo woyendera makina. Abwana anali atawaitanitsa osawauza chifukwa, ndipo tinawapeza pakhomo akuyang'ana wotchi. Titalowa, Ng'ona inali kumeza nsalu, Achemwali ali pangodya yawo, pangodya yanga pali mayi wina watsopano. Achangu atandiona, nkhope inagwa. Mwachangu anakaima kumbali kwa makina, msana utatsamira chivundikiro.

"Mkazi wangayu sali bwino m'mutu chivulalire," anauza alendowo. "Anavulala kunyumba. Kuchipatala kunalembedwa."

"Geti la nyumba iti?" ndinafunsa. "Tiyeni tikawaonetse."

Wina kumbuyo anatsokomola pobisa kuseka.

Woyendera makina anafunsa ngati mpiringidzo umagwira ntchito. Achangu anati umagwira, amauyesa okha m'mawa uliwonse. Apa ndi pamene ndinayenda mpaka kukaima patsogolo pawo.

"Ngati umagwira, ikani dzanja lanu."

"Usandichititse manyazi pantchito, iwe."

"Mulibe mphete. Simuphwanya lamulo lililonse. Gundani mpiringidzo ndi zala zanu, makina aime, ine ndibwerere kunyumba ndikakhale wamisala."

Achangu anayang'ana chigubu chikuzungulira, n'kuyang'ana dzanja langa limene ndinali nditalikweza m'mwamba kuti aliyense alione. Pang'onopang'ono manja awo onse awiri anapita kumbuyo.

Woyendera makina anati palibe amene aike dzanja. Anapinda thaulo, n'kulikankhira pa mpiringidzo mwamphamvu. Ng'ona inalimeza lonse osatsamwa. Anathimitsa makina, n'kupempha Achangu kuti asunthe. Kuseri kwa chivundikiro kunali kamzere ka nsalu ya pabedi, kothimbirira, komangidwa mfundo yomweyo imene ankamangira chingwe choyanikira zovala kunyumba.

Wapakauntala ananena zimene anaona, kenako anavula mphete n'kuiika pamwamba pa thaulo lotentha lija. Achemwali ataona kuti denga silinagwe, nawonso anayankhula.

Abwana anagwira mutu. "Ine ndimalipira inshulansi chaka chilichonse chifukwa cha ngozi ngati zimenezi. Bwanji simunandiuze?"

Sindinawamvere chisoni kwenikweni. Ntchito itayamba kuthamanga, sanafunsepo kuti yathamanga bwanji. Koma mawu awowo anandibaya. Chipukuta misozi chimene tinkaopa kuti chigwetsa kampani sichinkachokera n'komwe m'thumba mwawo.

Achangu anatuluka pakampanipo tsiku lomwelo, malaya akadali osakwinyika.

8

Ndinabwerera kuchipatala kukakonza bodza langa. Namwino uja anandikumbukira. "Ndinadziwa ine kuti mageti satentha," anatero.

Chipukuta misozi chinabwera patapita nthawi, nditayenda maulendo mpaka nsapato kutha. Sichinali chuma, ndipo zala sizinamere. Koma chinakwana kutsegula kagolosale m'mbali mwa msewu, kamene kakudyetsa ana anga. Katundu wa Achangu ndinamulongedza m'matumba, misomali yowongola, tizidutswa ta sopo, nyuzi zakale, n'kumuika panja. Apongozi anati ndapasula banja chifukwa cha ndalama. Ndinangowaonetsa dzanja. Wapakauntala naye anawakana Achangu. Mphete ndinaiponya m'chimbudzi, ndipo chinali chinthu choyamba kutayidwa m'banja lathu.

Mwina mukuti nkhani yatha, mkazi wabwezera, mtima wake wazizira. Inenso ndinkaganiza choncho.

Mwezi watha, ndikupanga masamu a makasitomala masana, ndinaona munthu akubwera ndi ndodo ziwiri, phazi lili m'chikhakha. Anali atawonda, ndevu zaimvi. Anaima pawindo la golosale n'kuvula chipewa.

"Muli bwanji, mayi a ana?"

Zaka zonse za ukwati wathu ndinali "iwe". Tsiku limeneli ndinakhala "inu".

Anati chiwachotsereni ankagwira maganyu pamalo ena omanga nyumba. Njerwa za simenti zinagumuka n'kuwaphwanya phazi. Adokotala akuti sadzayendanso bwino.

"Kuchipatala munati mwavulala kuti?" ndinafunsa.

Anayang'ana pansi. "Kapitawo wa kumeneko anati ndinene kuti ndinagwa kunyumba."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

"Ndabwera chifukwa inu mukudziwa njira za ku leba," anapitiriza. "Ine sindingapondeko, amandidziwa nkhope. Zoti wolakwa salandira, ndinaona kuti si zoona. Koma inu munali wolembedwa ntchito. Kapitawoyu akuti waganyu sawerengedwa, ndingotaya nthawi ndi ya basi. Ndiuzeni inu. Ndi zoona?"

Ndinaona bambo wa phewa uja pabenchi, akunena kuti alibe ndi yunifolomu yomwe. Ndinamva mawu a mayi wa magalasi akuti bwerani kaye tiione nkhaniyo. Yankho linali pakamwa panga, lathunthu. Kenako ndinaona munthu atagwada kumbali kwa makina, akumasula mfundo mosamala, dzanja langa likupsa.

"Ndi zoona," ndinatero.

Anagwedeza mutu ngati munthu amene amayembekezera zomwezo. Anandithokoza. Ndinawapatsa sopo wathunthu, waulere, n'kuwayang'ana akutsimphina mpaka anakhota.

Mwana wanga wamkazi, amene amandithandiza akaweruka kusekondale, anali kuseri kwa mashelefu ndipo anamva zonse.

"Amayi, ndiye adadi sangathandizidwe ngati mmene munathandizidwira inu?"

Ndinamutuma kukatenga chenji. Chifunsireni sindinamuyankhe, ndipo akamandiyang'ana ndimapeza chochita.

9

Inu amene mukuwerenga, ndiweruzeni mmene mungafunire. Ena muti ndine mfiti, munthu ndi bambo wa ana anga. Mwina mukunena zoona. Kubwezera kumakoma, ndisakunamizeni, koma kumakoma ngati madzi a mchere. Ndinamwa tsiku la malaya oyera, ndinamwanso pawindo la golosale, ndipo ludzu likadalipo.

Chimene ndikupempha n'chakuti musakwere galimoto imene ine ndinakwera. Mukavulala pantchito, nenani kuti mwavulala pantchito, kwa namwino woyamba amene wakufunsani. Musadziweruze nokha kuti munalakwa, kuti ndinu aganyu, kuti mulibe loya. Malamulo ali ndi mbali zake ndipo nkhani zimasiyana, koma amene angakuuzeni za yanu ali ku ofesi, osati pa mpando wa alendo kunyumba kwanu. Ndipo munthu akakuuzani msanga kuti musanene, dzifunseni kuti kukhala chete kwanuko kukuteteza ndani. Ine amene anandiphunzitsa bodza ndinkagona naye bedi limodzi.

Za Achangu, sindipita kukawafuna, ndipo pakamwa panga sipadzatuluka mawu obweza aja. Apa ndi pamene chifundo changa chalekezera: ndalemba. Magazini iyi sadzaigula, ndikuwadziwa. Koma wina akaitaya pa depoti kapena akakulungira nayo tomato, adzaitola, adzaiwongola bwinobwino pabondo, n'kuiwerenga. Ikawapeza nthawi yodandaulira isanathe, ndi mwayi wawo. Ikawapeza chaka chamawa, monga zimawapezera nkhani zonse, adzadziwa kukoma kwa kumva zoona mochedwa.

Ndiye bambo a ana, ngati pepala ili lili m'manja mwanu, mwadziwa tsopano kuti ndinakunamizani. Waganyu naye ndi munthu, ku leba amamulandira. Tengani ndodo zanuzo. Changu, changu, ofesi sidikira.